Mlendo wodzitcha Sitima

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti mwendo wa amayi ukumavuta kukazizira.

Loweruka kunafika bambo wina wovala jekete, akuti wachokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, kudzafufuza abale. Akuti nayenso ndi Sitima, mdzukulu wa mng'ono wawo wa agogo amene anatsalira ku Mozambiki. Amayi anamuyalira mphasa misozi ikulengeza.

Ine mtima sunakhazikike ayi. Paja dzina la Sitima agogo anachita kupatsidwa ndi kapitawo kuesiteti konkuno, chifukwa cha liwiro lawo pothyola tiyi. Ndiye linawoloka bwanji malire kukagwera munthu amene sanapondeko kuno? Nditamufunsa mfunda wa amayi ake, anangoseka n'kuti, "Chemwali, zimenezo n'zachikale." Za kumanda sanafunse n'komwe. Chimene ankafunitsitsa n'kuona pamene munda wathu wa ku Thuchila unalekezera.

Vuto n'lakuti amayi anamupatsa nambala yanu. Akakuimbirani, chonde musatchule dzina limene agogo anabwera nalo kuchokera kwawo, ngakhale akunyengerereni bwanji. Amayi ndawapempha kale kuti atseke pakamwa, ngakhale akundinena kuti ndine wouma mtima. Muwaimbire, inu amakumverani.

Mulungu akusungeni kumeneko. Munthuyo akubweranso Lachinayi, ndipo ndidzamufunsa pamaso pa amalume. Ngati ndi magazi athu, dzinalo adzalitchula yekha.

Ine mlongo wanu,
Esinati