Msonkhano wa Komiti pa Nkhani ya Dzina la Vreteno

Tsiku: Lachiwiri, 10 Disembala 2024
Malo: Chipinda cha pamwamba pa bekale ya a Lajko, Novi Sad
Opezeka: Pulofesa Dobrivoje Stankov (Wapampando), Mayi Jagoda Bajić (Msungichuma), Bambo Zoltan Sič (Loya), Radmila Čonkić (Mlembi)
Osapezeka: Bambo Gavrilo Perišin. Sanapepese.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano mochedwa, atamaliza khofi wake.

2. Dzina la chinenero chathu cha makompyuta
2.1 Loya anakumbutsa komiti kuti bungwe lathu lisanavomerezedwe ndi boma, Wapampando anapempha a Perišin kuti alembetse dzina la Vreteno ngati lawo, potisungira. A Perišin ndi kum wa Wapampando, kutanthauza kuti anawaimira pa ukwati, nawanyamulira ana pa ubatizo. Panalibe chosainirana, chifukwa kum sapemphedwa pepala.

2.2 A Perišin agulitsa dzinalo ku kampani ina yakunja. Kampaniyo ikuti tilichotse paliponse chaka chino chisanathe.

2.3 Loya anati mlandu tingapambane, koma pokhapokha Wapampando akachitire umboni kukhoti kuti dzinalo linali losungitsa. Mboni ina palibe.

2.4 Wapampando anati m'banja mwawo palibe amene anaimapo kukhoti motsutsana ndi kum wake, ndipo iwo sadzakhala oyamba.

2.5 Mayi Bajić anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe anawanenera: "A Pulofesa, kum wanuyo wagula boti, lili pa mtsinje wa Danube apo. Ana anuwo akawabatizirenso momwemo?" Wapampando anati, "Jagoda, iwe unakwatiwa ku ofesi ya boma, osati kutchalitchi, za kum ungadziwe chiyani?" Mayi Bajić anati, "N'chifukwa chake zanga zonse ndikadali nazo."

2.6 Mlembi anapempha kulankhula. Anati chinenerochi anachilemba yekha, usiku ndi usana, chaka chimene anasiya yunivesite, ndipo dzinalo analisankha ndi iye. Wapampando, amene sanalembepo mzere ndi umodzi womwe m'chinenerochi, anati ntchito ya mlembi ndi kulemba. Mlembi walemba.

2.7 Loya anafunsa ngati Wapampando angakalankhule ndi a Perišin mwamseri. Wapampando anati anapitako kale ndi botolo la kachasu wa rakija, ndipo a Perišin analira. Loya anafunsa ngati dzinalo anabweza. Wapampando anati nkhaniyo sanaiyambitse, poti munthu anali akulira.

2.8 Chigamulo: mlandu sudzatsegulidwa. Dzina la Vreteno lichotsedwe m'mabuku, pa intaneti ndi m'mafayilo onse. Wapampando anati ntchitoyi aigwire Mlembi, popeza ndiye yekha akudziwa malo onse amene dzinalo lili. Panalibe wotsutsa. Mlembi sanafunsidwe.

3. Zina ndi zina
Mayi Bajić anadandaula kuti chipindachi chimazizira. A Lajko auzidwa.

4. Msonkhano wotsatira
Loya anatchula 19 Disembala, kuti tisankhe dzina latsopano. Wapampando anati tsikulo sangathe: ndi la Nikola Woyera, phwando la banja la a Perišin, ndipo kum sajomba. Anawonjeza kuti a Perišin aitana komiti yonse, kudzakhala nsomba. Mayi Bajić anatuluka. Tsiku lina silinasankhidwe.

5. Kutseka
Msonkhano unatha nthawi ya 6 koloko madzulo.

Wapampando: D. Stankov
Mlembi: R. Čonkić, mlembi wa komiti ya chinenero chopanda dzina