Mpando wa Amayi Ake a Lina

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Ine kuno ku Dubai thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Mnzanga Lina, amene timagwira limodzi ntchito m'nyumba muno, amayi ake amwalira. Iye ndi wa mtundu wa Abontoki, kwawo ndi kumapiri a ku Philippines kumene amalima mpunga m'minda yotchingidwa ndi miyala, yosanjikizana ngati masitepe. Madamu amene timawagwirira ntchito anamukaniza tchuthi, ati kukubwera alendo.

Lachisanu masana ndinamupeza m'chipinda chochapira. Anali atayala pampando nsalu imene amayi akewo anamulukira, iye atakhala pansi n'kumayankhula nayo. Ndinaopa kuti mutu wasokonekera.

"Kumudzi kwathu womwalira timamukhazika pampando," anandiuza. "Aliyense amabwera kudzamuuza zakukhosi asanaikidwe. Chibontoki ndinkayankhula ndi amayi okha pafoni. Anzanga a ku Philippines okhala ku Satwa, kuno ku Dubai, sachimva."

Ndinakhala naye pansi pomwepo, iye n'kupitiriza kuyankhula ndi amayi ake m'Chibontoki. Sindinamvepo ngakhale liwu limodzi, koma misozi inangotsika yokha. Kenaka madamu anakuwa, "Yalla, fulumirani, kutebulo kukusowa mpando umodzi!" Lina anapinda nsalu ija, n'kupukuta mpandowo, n'kuunyamula yekha.

Amayi, inenso maliro a abambo ndinangowaonera pafoni. Mpando wawo wa pakhonde uja, ngakhale unathyoka, chonde musauwaze nkhuni. Ndili ndi mawu oti ndidzawauze.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzafike.

Ndine mwana wanu,
Tadala