Dzina la pa Mapu a Kanyama

Kanyama, Lusaka

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji ku Mchinjiko? Mwendo uja wasiya kutupa? Kuno tilipo, mdzukulu wanu Luyando wachira chifuwa. Mvula yayamba, ndipo Kanyama mukuidziwa, madzi afika kale pakhomo.

Uthenga wanu andipatsa mlamu wanga ba Sophia. Akuti simukudya chifukwa ba Benedict ali m'manja mwa apolisi, ndipo mukundipempha ndikanene kuti ntchito ija anaigwira awiri, iwo ndi malemu mng'ono wawo ba Kumbu, atate ake Luyando. Amayi, khalani pansi ndikuuzeni bwino, chifukwa amene anakufotokozerani anadumpha pakati.

Mwana wanu, ba Kumbu, sankasewera pa laputopu paja monga abale ankanenera. Ankalemba m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa R, chilembo chimodzi basi. Umachipatsa manambala, icho n'kukujambulira chithunzi. Iwo ankazungulira komboni yonse atavala majombo, kuona zitsime zimene zimamira mvula ikagwa ndi nyumba zimene kolera yalowa. R ija inkawatulutsira mapu. Pamene pafiira, ndiye kuti madzi a pamenepo musamwe. Manesi ankachita kuwaimbira foni kufunsa koyambira kuthira mankhwala.

Titangoika maliro, ba Benedict anabwera ndi galimoto yonyamula katundu, ija ya kanta. Filiji, mipando, mapoto, ngakhale zovala za malemu, zonse m'galimoto. Ndinagwada m'matope, ine mayi wa mwana, kupempha laputopu yokha. Anandiseka, nati vinthu va m'bale wawo ni vawo, mkazi ni mlendo chabe.

Ndinkayesa akaigulitsa kumsika monga amachitira ndi mafoni. Ayi ndithu! Anapeza munthu wofufuta dzina la ba Kumbu pa mapu onse, n'kuikapo lawo. Kenaka anavala jekete la malemu, n'kupita ku bungwe lina loona za madzi kukadzitcha katswiri. Jekete limene ndinkasita ine, Amayi!

Amene anandiuza ndi ba Lushomo, mnzawo wa ba Kumbu amene ankaphunzira naye R. Anandionetsanso chimene ba Benedict sankadziwa. R sagula, aliyense amatenga ulere, ndipo anthu ake ali ndi mwambo wawo: ukalemba chako umachiika poyera kuti anzako atenge, akonze, agwiritse ntchito, koma dzina la mwini lisachoke. Ba Kumbu anaika zonse pa intaneti kalekale. Ba Benedict ankagulitsa madzi a mvula.

Ba Lushomo anafuna kuwachenjeza tsiku lomwelo. Anawaletsa ndine. Sindikubisirani, ndinkafuna amire mpaka m'khosi. Ndinadikira asaine pepala lolumbira kuti ntchitoyo ndi yawo. Ndinadikira alandire ndalama zoyambira, aitane anzawo a ku Matero adye nyama, ayambe kuyenda chifuwa patsogolo. Mtima unkatentha, koma kutchalitchi ndinkawapatsa moni ndi manja awiri.

Zitatero ndinakwera basi ndi ba Lushomo mpaka ku ofesi ya bungwelo. Tinatsegula pa foni mapu omwewo, dzina la mwamuna wanga lili pamwamba. Bwana wa pamenepo anangovula magalasi. Anaitanitsa ba Benedict, nawapempha afotokoze mzere umodzi wokha pa zimene amati analemba. Munthu anayamba thukuta, nati mutu ukuwawa, nati magetsi a muofesimo akumuthobwa m'maso. Apolisi amene bwanayo anaitana anamupeza akadali kufunafuna chonena.

Ndinasangalala, Amayi. Mulungu andikhululukire ngati n'kulakwa, koma tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta koyamba chimwalirireni mwamuna wanga.

Manje mukuti chibale ndi fupa, sichiola. Mukuti ndikangonena mawu awiri, atuluka. Mawu awiriwo ndi bodza, ndipo bodzalo lidzamatirira pa ntchito ya ba Kumbu mpaka Luyando atakula. Mwanayu nkhope ya atate ake wayamba kale kuiiwala. Nyumba anaisesa, chimene chamutsalira ndi dzina lili pa mapu aja. Limenelo sindiligawa pakati, ngakhale mutumize abusa.

Pali chimodzi chimene sindinakuuzenipo. Tsiku lonyamula katundu, ndili chigwadire, ndinatembenuka kuyang'ana inu. Munali pamphasa pakhonde, chitenge kumutu. Liwu lanu limodzi likanatsitsa laputopu ija m'galimoto, chifukwa ba Benedict amakuopani. Munayang'ana pansi, n'kumatola timiyala. Ndinakudikirani mpaka galimoto inakhota pakona.

Sindikudani, munandiberekera mwamuna wabwino. Koma apolisi akandifunsa ngati ndili ndi mawu owathandiza ba Benedict, nanenso ndidzayang'ana pansi.

Ambuye akusungeni, akuchizeni mwendowo. Mundiperekere moni kwa atsibweni ba Kombe ndi onse a kumudzi. Luyando akuti agogo akamabwera asaiwale mtedza.

Ndine mpongozi wanu,
Felistus