Chivundikiro cha Mbale

Ban Nong Waeng, Yasothon
12 Meyi

Okondedwa achemwali anga a Ratree,

Ndikhulupirira muli bwino ku Taiwan kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutitsani ku fakitale. Kuno tadzuka. Azakhali a Bualoy ali bwino, akungodandaula mawondo. Mvula yoyamba yagwa dzana, sukulu titsegulira Lolemba.

Ndinatuluka ku kachisi wa Chibuda sabata yatha. Tsitsi layamba kumera koma nsidze zimene anandimeta zija sizinabwerere, ndiye azakhali akuti nkhope yanga ili ngati dzira lowiritsa.

Munandifunsa pa foni ngati mwezi wanga waumonke unayenda bwino, ndinati inde. Sindinanene zonse. Pakamwa zimandikanika, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukudziwa kuti ndinavala nsalu yachikasu chifukwa cha malemu amayi, kuti zabwino zake ziwapeze kumene ali. Tinalipo anyamata khumi ndi anayi. Anzanga ankangodikira chakudya ndi kusewera ndi agalu a pakachisi. Ine ndinkakhala phee, miyendo yopinda, kutsatira mpweya wanga ola lathunthu. Agogo a Khamdi, mmonke wamkulu wa dzino limodzi uja, anatiphunzitsa kuti chimene timachitcha "ine" chili ngati madzi amene amaoneka pa msewu wa phula dzuwa likaswa mtengo: ukafikapo, palibe. Ndinkaona ngati ndamvetsa kuposa onse. Mumtima ndinkati "ine" wanga ndamupha kale, enawa akadali kutali.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi tinatuluka pamzere, opanda nsapato, kukalandira chakudya m'mudzi. Pafupi ndi mlatho, pakati pa amayi ogwada, ndinaona abambo. Nawonso anali atagwada, malaya ochapa, kadengu ka mpunga womata atakakweza pachipumi. Achemwali, chiyambire tsiku lija tinawotcha thupi la amayi iwo ali gone ndi mowa kuseri kwa nkhokwe, sindinawalankhulepo. Zaka ziwiri.

Anaika mpunga m'mbale za anzanga asanu a patsogolo panga. Itafika nthawi yanga, sindinachotse chivundikiro. Ndinadutsa mbale ili chitsekere, dzanja lawo n'kutsala m'malere ndi mpunga. Inu mukudziwa kulemera kwake: mmonke akakutsekera mbale ndiye kuti wakumana ngakhale mwayi wochita chabwino. Mudzi wonse unaona.

Agogo a Khamdi sanandikalipire. Titadya anandiitana kukasesa masamba, n'kundifunsa akuseka kuti kodi katswiri wokhala phee wadzuka bwanji. Kenako anati pali chowazunguza: ankayesa kuti "ine" wanga anamwalira, nanga amene watseka mbale m'mawa uja ndi mzukwa wake? Ndinayankha kuti abambo sayenera mwayi umenewo. Agogowo anati mbaleyo si yanga, nsaluyo si yanga, ndipo bamboyo sanagwadire kamnyamata ka makutu aakulu, wagwadira nsalu. Akuti wonyamula mbale ali ngati khomo, ndipo khomo silifunsa wolowa kuti dzulo unamwa chiyani.

Ndinakwiya masiku atatu. Ndikatseka maso, m'malo mwa mpweya ndinkangoona dzanja lija. Ndipamene ndinazindikira kuti mnyamata woyera mtima amene ndinkamunyadira uja ndiye madzi a pa phula aja.

Abambo ankabwerabe m'mawa uliwonse, malo omwewo, koma ndikayandikira ankatsitsa kadengu kuti asandivutitse. Tsiku lachinayi ndinaima pamaso pawo n'kuchotsa chivundikiro. Mzere wonse unaima. Panapita kanthawi asanakhulupirire, kenako anaika mpunga. Mmonke sathokoza, sayang'ananso wopereka kumaso, ndiye ndinangoona zala zawo ndi imvi za pamutu. Sindinkadziwa kuti ali ndi imvi.

Mpunga wawo ndinauzindikira pakati pa wina wonse, chifukwa unali wosapsa, wolimba pakati. Anaphika okha. Ndinaudya wonse.

Sindinganene kuti ndakhululuka zonse. Azakhali akuti abambo atha miyezi inayi osalawa mowa. Za mawa sindikudziwa. Dzulo ndinachoka kwa azakhali kuno n'kupita kwathu kukawaonetsa kuti mpunga umayamba wanyikidwa m'madzi usanaikidwe pa nthunzi, monga ankachitira amayi. Tinalankhula za mpunga basi, koma tinalankhula.

Tsono pempho langa ndi ili. Nambala ya abambo munaitseka pa foni yanu chaka chomwe chija. Amakuimbiranibe Lamlungu lililonse, ngakhale akudziwa kuti sizilowa. Sindikukukakamizani, pajatu ine ndemwe zinanditengera masiku atatu ndili m'nsalu yachikasu. Koma chivundikirocho chili m'manja mwanu. Lamlungu likudzali, cha m'ma folo koloko, ndidzakhala nawo pakhonde pamene akuimba.

Mundiperekere moni kwa alamu a Wichai. Ngati pali chabwino chimene ndinapeza ku kachisi, chifike kwa amayi, kwa inu, ndi kwa abambo omwe. Mukhale ndi moyo wathanzi ndi mtima wozizira.

Ndine mlongo wanu wopanda nsidze,
Anucha