Kuyeza ndi Kuyesa

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko. Ine ndili bwino, bambo nawonso ali gwa monga mwa masiku onse. Za amayi ndi zomwe zandigwiritsa cholembera, poti pa foni mumandidula ndi Ameni ndisanamalize n'komwe.

Mukudziwa kuti chaka chatha ndinawapeza ndi matenda a shuga, komanso mukudziwa kuti mpingo wa bambo, womwenso ndi wanu, umaletsa mankhwala. Ndiye m'mawa uliwonse bambo akapita ku mapemphero, ine ndi amayi tinkalowa m'chipinda chosungira katundu. Ndinkawabaya chala, kadontho ka magazi pa kachipangizo, nambala n'kutuluka, kenaka jekeseni. Zonse tinkabisa kuseri kwa makina osokera akale aja. Miyezi isanu ndi itatu, amayi thupi linabwerera, anayambanso kukalipira aliyense wolowa ndi nsapato pabalaza.

Lamulungu lapitali abusa analalikira za mawu awiri. Anati kuyeza ndi kuyesa ndi mawu amodzi, Satana anangosinthapo chilembo kuti anthu asadzidzimuke. Choncho woyeza magazi akuyesa Mulungu. Ine ndinaseka chamumtima, n'kumati awa kalembedwe kanawavuta kusukulu. Nditadzutsa mutu ndinapeza mpingo wonse watembenukira benchi yathu, ndipo panalibe amene ankaseka.

Kuntchito kwathu kulabu yoyezera magazi kuchipatala, mkulu wathu ndi sisitere wachikatolika. Amachita chizindikiro cha mtanda kenaka n'kuyatsa makina ake. Mnzanga wina ndi Msilamu, nthawi ya swala ikakwana amavula magolovesi, akabwerako n'kupitiriza pomwe anasiyira. Nditawafotokozera usiku wa Lamulungu lomwelo tili pantchito, sisitere anati amene analenga magazi sangaope kuti tiwayang'ana. Mnzanga uja anati kwa iwo kufuna kudziwa ndi mbali ya kupembedza, koma anaulula kuti amalume ake enieni anathamangitsa anthu a katemera ndi tsache, ndiye ouma mutu ali paliponse. Bambo wina wotsuka mabotolo, amene sapemphera kulikonse, sanatsutse za Mulungu. Anangoti ndiwachotse amayi m'nyumbamo msanga.

Ndinachedwa. Lolemba m'mawa ndisananyamuke kunabwera akuluakulu a mpingo anayi. Anakhala pabalaza, madzi akumwa anakana. Bambo analowa m'chipinda chija, sanafufuze paliponse, anangolunjika kuseri kwa makina osokera n'kutuluka ndi kachikwama kathu.

Anakhuthulira zonse patebulo. Akuluakulu aja anagamula kuti Lamulungu likubwerali amayi aziphwanye ndi manja awo pamaso pa mpingo. Akakana, dzina lawo lifufutidwa, ndipo tsiku lomwalira palibe adzawaimbire nyimbo. Amayi imfa sikuwaopsa, achimwene. Chikuwaopsa ndi maliro a zii, opanda amayi anzawo a m'kwaya omwe aimba nawo zaka makumi atatu. Anagwada pomwepo n'kulumbira kuti singano siidzawakhudzanso.

Ine anandifunsa ngati ndimakhulupirira. Ndinati ndimakhulupirira, kungoti ndimafunsanso mafunso. Wamkulu wa onsewo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mafunsowo ndiye matenda enieni a nyumba ino, ndipo akathana ndi a amayi abwerera anga.

Lero ndi tsiku lachinayi opanda jekeseni. Ludzu lomwe linkawavuta amayi asanayambe mankhwala labwerera, ndowa ya madzi ikumatha dzuwa lisanafike pamutu. Dzulo anaponda pini n'kuyenda nayo tsiku lonse osamva kanthu. Mpweya wawo wayamba kununkha ngati zipatso zopsa kwambiri. Bambo akuti ndi chizindikiro choti zoipa zikutuluka. Ine fungo limeneli ndimalidziwa, ndimakumana nalo kuwodi, ndipo ndikuopa kwambiri. Ndabweretsa mankhwala ena, koma akungobisa manja m'khwapa n'kumati analumbira.

Tsopano ndinene chomwe chanditsamwa. Malo aja kuseri kwa makina osokera tinkawadziwa anthu atatu: ine, amayi ndi inu. Ndinakuuzani ndekha mwezi watha, ndi pakamwa panga popanda chotsekerapa, poganiza kuti musangalala kumva kuti amayi akuchira. Ndakwiya nanu, sindikubisirani. Mwina munkayesa kuti mukupulumutsa mzimu wawo, ndipo za zimenezo tidzakangana tsiku lina.

Pano ndikugwirani mwendo. Amayi ine sandimvera, amati sukulu inandizunguza mutu. Inu ndinu mwana wawo woyamba, ndinunso dikoni, mawu anu amawalandira ngati achokera kuguwa. Bwerani, kapena imbani foni muwauze nokha kuti alandire jekeseni. Ngati ndi tchimo, muwauze kuti lili pamutu panga, ndalisenza ndine. Mukakhala chete, Loweruka ndiwanyamula mokakamiza kupita nawo kuchipatala, bambo anditemberere momwe angafunire. Chomwe sindikudziwa n'chakuti kodi amayi Lowerukalo afikako.

Mulungu amene tonse timamutchula akusungeni ndi banja lanu. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi atandiona ndikulemba anati ndikuuzeni kuti ali bwino, musadandaule. Anatinso mukamabwera musaiwale suti yanu yakuda ija, akuti imakukhalani.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.