Mapiritsi a Magazi ndi Fodya wa Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti chilandirireni uthenga wanu mtima suli m'malo.

Mwati bambo afooka, ndipo wogulitsa mankhwala wawapatsa mapiritsi a ayironi, owonjezera magazi aja, osawayeza n'komwe. Mwatinso bambowo akuti tsopano azisuta fodya mosadandaula poti magazi akubwezeredwa. Achemwali, mawu amenewa andiwawa.

Paja ntchito yanga sindinakufotokozereni bwino. Mu labu mwathu, momwe timachitira kafukufuku, muli makina osuta ndudu. Anzanga anawatcha Malume, ati chifukwa sagula koma amamaliza paketi. Utsi wake timaupopera pa maselo a m'mapapo omwe timasunga m'timbale. Ndimaweruka ndikununkha fodya, moti mayi eni nyumba anandiitanira pambali n'kundilangiza kuti ndisiye ndikadali mwana. Ndinangovomera, kufotokoza kunandikulira.

Chimene ndimaona n'chakuti maselo akapsa ndi utsi amameza ayironi mopyola muyezo, ndipo ayironiyo amawadya m'kati ngati dzimbiri pa lata, mpaka kufa. Ine si dokotala, komanso mbale si munthu. Mwina mapiritsiwo sakuwapweteka bambo, mwina magazi achepadi, sindikudziwa. Koma sachotsa utsi m'chifuwa, apo pokha ndilibe chikaiko.

Ndinayesa kuwaimbira foni bambo. Anandimvetsera pang'ono, kenako anafunsa ngati anandiphunzitsa sukulu kuti ndizisutitsa makina kwinaku ndikuwamana fodya bambo anga. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ine n'kumadikira kuti apume. Atapuma ndinangotsanzika. Zaka zonse zija za ku yunivesite, koma kukamba ndi wondibereka kwandikanika.

Pempho langa ndi limodzi. Inu amakumverani, mwina amakuopaninso. Atengereni kuchipatala akawayeze magazi ndi chifuwa, ndipo botolo la mapiritsilo mukaonetse adokotala. Bambo akakana, muwauze kuti mukupita kukaonetsa mwendo wanu ndipo mukufuna wokuperekezani. Za maselo musayambe, angakusekeni ngati ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse. Bambo muwauze kuti mkangano wathu sunathe, ndipo ndikadzabwera ndikufuna kudzawapeza ali ndi mpweya wondiyankhira.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Kachetechete