Mapulaka a ku Lifidzi

Lachinayi. Mvula yagwa kuyambira m'mawa, ndipo ine ndaswera ndi nsanje.

Mapulaka asanu ndi limodzi, timakina toyeza kutentha m'nkhokwe ya mbewu ya mbatata ya kachewere ku Lifidzi, ayamba kunama. Ntchito imeneyi ndi yanga. Ndimakwera mota, njinga yamoto, kupita komweko, n'kumaika pulogalamu yatsopano pulaka ndi pulaka. Koma lero msewu unali matope okhaokha.

Selesite, mnzanga wa pantchito, sanadzuke n'komwe pampando. Wadzera pa intaneti n'kulowa m'kakomputadori kamene kali m'nkhokwemo, komwe mapulaka onse analumikizidwako ndi makabo a USB. Wawakonza onse tiyi wake asanazizire, ali kuno ku Ulongwe. A shefi, abwana athu, mpaka kuwomba m'manja.

Palibe wakumbuka kuti makabowo ndinalumikiza ndine, chogwada m'fumbi, n'kulemba nambala pa kabo iliyonse. Amene wanena zimenezi ndi Selesite yekha, mwaulemu, ndipo zandiwawa kuposa akanangokhala chete. Wati mawa andiphunzitsa. Ndamuyankha kuti mawa ndatanganidwa, pomwe ndilibe chochita.

Chakumadzulo a Fabiyao, osunga nkhokwe, anaimba pa telefoni yanga. Zaka zitatu akhala akunditchula a Enjenyeru, ndipo ndikafika amandiwotchera kachewere.

"A Zuze, mwaswera bwanji?" anatero. "Manambala abwerera m'malo. Kodi a Enjenyeru ali pafupi? Ndimati ndiwathokoze."

Ndinati ali pompano. Telefoni ndinakam'patsa Selesite ndekha.